MPANDO WONONA WA MAYI ANGA

 Sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambe za mpando.

Musathamange mtima, sindikunena mpando uja akuluakulu amatukwanirana pa misonkhano ayi. Umene uja ife a ku Machinga timaudziwa bwino, poti mwana wa kwathu konkuno, a Bakili Muluzi, anaukhalapo kuchokera 1994 mpaka 2004, ndipo mu 2025 tinaonanso anthu akuulimbirana thukuta lili kamukamu. Wanga ine ndi wina. Ndi kampando kakang'ono, ka bokosi, kofewa pamwamba, kamene ndawakhomera mayi anga ndi manja angawa.

Ndiyambe ndi funso. Inu amene mukuwerenga nyuzi ino uku mukudikira kasitomala, mwakhalira chiyani? Tayang'anani pansipo. Yankho ndikulidziwa kale: chigubu cha mafuta ophikira, ndowa yovundikira, njerwa ziwiri, kireti yothyoka, mwinanso thumba la makala. Munthu wogwira ndalama tsiku lonse, koma pokhala pake ngati mlendo wogona pa depoti. Abale, tinalakwanji?

Mayi anga anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi ine ndili kumbuyo. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inatuluka m'milu ya tomato. Zaka zonsezo mpando wawo unali chigubu cha malita 20 chogoneka cham'mbali. Kulowa mumsika 6 koloko m'mawa, kutuluka dzuwa litapita kwa make. Chaka chatha msana unayamba kukana. Poyamba ankati ndi kutopa chabe, kumwa Panado n'kumapita. Koma tsiku lina m'mawa ndinawapeza aima pakhomo, akuyang'ana chikho chimene chinagwa pansi, osatha kuwerama kuti atole.

Ku chipatala anawapima, anawapatsa mankhwala, n'kuwauza chinthu chimodzi: kakhalidwe kanu pa geni kasinthe. Munthu akakhala pa chinthu chachifupi kwambiri, mawondo amakwera kuposa chiuno, msana n'kupindika ngati uta, ndipo kulemera konse kwa thupi kumatsamira m'munsi mwa msanamo. Tsiku limodzi si kanthu. Koma zaka zoposa 20, imeneyo ndi nkhani ina.

Kwathu mayi akagona ndiye kuti poto sakhala pamoto. Ndalama za utolankhani wanga waganyuwu zimabwera ngati mvula ya ku Balaka, lero yagwa, mawa mitambo yokhayokha. Alongo anga awiri akadali pa sukulu. Choncho msana wa mayi ndiye mzati wa nyumba yathu, ukathyoka tonse denga latigwera.

Ndinakwera minibasi kupita ku Zomba kukaona timipando tofewa tija amaika patsogolo pa sofa m'nyumba za mabwana. Ndinalowa m'sitolo ina, ndinafunsa mtengo, ndinatuluka chinunu. Kampando kamodzi kanali kofanana ndi mpamba wonse wa mayi! Inu mukudziwa nokha kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chokhala ndi fungo la kunja, kaya ndi siponji, rekiseni ngakhale msomali, chinauluka. Komanso nditakagogoda bwinobwino ndinapeza kuti m'kati mwake ndi timatabwa tija topanikiza utuchi. Timeneto ndi ta pa kapeti. Mutatiika m'matope a mumsika mwezi wa January, sabata imodzi tasanduka phala.

Ndinati basi, ndikhoma ndekha. Nanga kampando kokha n'kulephera, munthu wa fomu folo?

Paja amati safunsa anadya phula. Madzulo ena kuli chisisira ndinakumana ndi bambo wina atamanga matabwa pa njinga, atawaphimba ndi udzu. Anali a mbawa, ofiira psuu, osalala, onunkhira. Mtengo wake wozizira zedi. Sindinafunse kumene achokera. Ndinagula limodzi, ndinabwereka sowo ndi hamala, masiku awiri kampando kaima. Ndinadzitama ngati ndamanga mlatho wa pa Shire.

Sipanathe masabata atatu. Matabwa anayamba kupindika, chivundikiro osatsekeka, ming'alu paliponse pamene ndinakhoma msomali. Mwendo umodzi unasiya kugunda pansi, kampando n'kumagwedera ngati mgwirizano wa zipani chisankho chikatha. Mayi anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa mofatsa.

"Baba, matabwa awa munawatenga kuti?"

"Ndinagula kwa bambo wina wa pa njinga, mayi."

"Usiku?"

"Madzulo ndithu."

"Munthu akugulitsa thabwa mumdima, thabwa lake likudontha madzi, inu osadabwa? Sukulu yonse ija? Mwaiwala kale madzi a Freddy? Ine pa mtengo wakuba sindikhalapo. Bola chigubu changa."

Ndinasowa poyika nkhope. Zoona zake n'zakuti ndinkadziwa, ndinangosankha kutseka maso. Aliyense woyenda msewu wa Zomba kupita ku Liwonde amaona mmene mapiri a m'nkhalango za boma za Malosa ndi Liwonde akuyerera. Mbawa ndi mlombwa zimatenga zaka makumimakumi kuti zifike pochekedwa, koma sowo amazigwetsa m'mawa umodzi. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo wogula dala katundu wotere asamadzione ngati woyera. Phiri likakhala lambee, mvula siilowa pansi, imathamanga ndi dothi kutsikira m'mitsinje monga Likwenu, mpaka mu Shire. Ikafika kumeneko imakwirira minda, imagumula nyumba monga tinaonera mu March 2023, ndipo matope ake amakafika mpaka ku makina opangira magetsi ku Nkula. Ndiye ife tomwe ogula matabwa a usiku timakhala patsogolo kudandaula kuti magetsi azimanso.

Ndinanyamula kampando kanga kopunduka kupita nako kwa amalume, amene ndi afundi a matabwa kufupi ndi Ntaja. Anakazunguliza, anakagogoda, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, apa mwakhoma mpando kapena msampha wa mbewa? Khalani pansi ndikuphunzitseni. Koma hamala mugwira nokha."

Zimene anandiphunzitsa ndi zimene ndikufuna ndikugawireni lero. Dulani tsamba lino mulisunge.

Choyamba ndi mtengo. Kampando sikafuna mbawa. Amalume anandipatsa zidutswa za malaina zimene zinakhala pansi pa shedi yawo kuposa chaka. Malaina ndi mtengo wobzala, unachokera ku Asia, umakula msanga, ndi wopepuka, ndipo ukauma bwino supindika wamba. Paini naye ndi wabwino. Bulugama ndi wolimba koma ndi wolemera ndiponso amang'aluka msanga ndi msomali. Chachikulu n'chakuti thabwa likhale louma. Linyamuleni: laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Ligogodeni: louma limalira kuti ngo ngo, laliwisi limangoti phi phi. Za m'mbali mwa bokosi ndinaphwasula makireti awiri akale a tomato a mayi omwewo, osalipira ngakhale tambala.

Chachiwiri ndi muyeso. Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Musayese mpando, yesani munthu. Mwini wake aime kapena akhale phazi litaponda pansi bwino, inu muyese kuchokera pansi mpaka kuseri kwa bondo. Mayi anga ndinapeza masentimita 42. Tsono muwerengere motere: siponji ya masentimita 10 imaphwa pafupifupi theka munthu akakhalapo, kutsala 5. Thabwa la chivundikiro ndi masentimita 2. Ndiye miyendo ikhale masentimita 35. Mukaphatikiza 35, 2 ndi 5 mupeza 42 uja. Munthu wamtali awonjezere miyendo, wamfupi achepetse. Cholinga n'chakuti mawondo asakwere kuposa chiuno.

Chachitatu ndi mafupa a kampando. Dulani miyendo inayi pa thabwa lija akalipentala amati 2 bayi 2, lomwe mbali iliyonse ndi pafupifupi masentimita 5. Dulaninso timitanda 8 ta masentimita 30 kamodzi. Tinayi tilumikiza miyendo pamwamba penipeni, tinayi tilumikiza m'munsi. Ta m'munsito musatiike pansi penipeni, tikwezeni masentimita 8 kuti bokosi lisamamwe madzi mvula ikagwa. Mukalumikiza, mbali iliyonse ikhala masentimita 40. Polumikiza pakani guluu wa matabwa woyera uja, kenaka misomali ya mainchesi 4, iwiri pa mfundo iliyonse. Muisemphanitse, wina m'mwamba pang'ono wina m'munsi, kuti yochokera mbali ziwiri isakumane m'kati mwa mwendo.

Amalume anandionetsa nzeru ziwiri zimene ku sekondale sanatiphunzitse. Yoyamba: musanakhome msomali, ugogodeni kunsonga kuti ubunthe pang'ono. Msomali wakuthwa umalowa ngati mphero n'kung'amba thabwa, wobuntha umaboola njira yake. Yachiwiri: ngati mulibe sikweya, tengani chingwe muyese kuchokera ngodya ina kupita ku ngodya yoyang'anana nayo, kenaka muyesenso ngodya ziwiri zotsalazo. Miyeso iwiriyo ikafanana, bokosi lanu lawongoka. Ikasiyana, likankheni guluu asanaume. Ndipo ntchito yonseyi muichitire pa simenti yosalala, osati pa dothi la pabwalo. Mwendo wanga wolendewera uja unachokera pamenepo.

Chachinayi, tsekani m'mbali zonse zinayi ndi timatabwa ta kireti, ndi misomali yaifupi ya inchi imodzi ndi theka. Pansi pa bokosi yalani timatabwa tina pamwamba pa timitanda ta m'munsi tija. Tsopano bokosi lafika masentimita pafupifupi 42. Chivundikiro chikhale 44 mbali zonse, kuti chitulukire pang'ono, zala zipeze pogwira ndipo madzi asalowe. Ngati mulibe thabwa lalikulu chotero, lumikizani awiri kapena atatu ndi timitanda tiwiri kunsi kwake, koma timitandato tikhale tolowa m'kati mwa bokosi mukatseka. Palani m'mphepete monse ndi sandipepa kuti thabwa lisadye nsalu. Kenaka boolani mabowo anayi kapena asanu pakati pa chivundikirocho.

Ndinafunsa kuti mabowo ngachiyani. Amalume anati, "Siponji imapuma, mphwanga. Mukaikulunga mu pulasitiki popanda potulukira mpweya, achemwali anga akamakhala kazilira kuti mphwee! Makasitomala aziyang'anana. Mukufuna muwachotsere ulemu mumsika?"

Chachisanu ndi chofewacho. Siponji yatsopano ndi yodula, ndiye ine ndinadula pakona pa matiresi akale, poti pakona sipagonedwa kwambiri ndipo pamakhala pakadali polimba. Mpeni wa buledi umadula bwino kuposa sizasi. Dulani masentimita 46 mbali zonse, iposeko thabwa pang'ono, kuti m'mphepete musamapweteke ntchafu. Koma chenjerani ndi nsikidzi! Siponji yakale muithire madzi owira, muichape, muiyanike padzuwa la ku Liwonde lija masiku atatu mpaka iume gwa. Mukafulumira mudzatengera alendo ku msika, ndipo anzanu a pa benchi sadzakukhululukirani. Amene muli ku Balaka, kwawo kwa thonje, mukhoza kugwiritsa thonje, koma muchotse njere zonse poti zimaitana makoswe. Usufu nawo umagwira ntchito, ngakhalenso tizidutswa ta nsalu ta kwa telala. Kungoti zimenezi zimaphwatalala pakapita miyezi, ndiye muzisokere mu kathumba kake kuti muzitha kuwonjezera.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuvala. Ikani siponji pa thabwa ndi guluu pang'ono kuti isamasuntha. Pamwamba pake yalani pulasitiki yokhuthala, chifukwa mumsika muli madzi a nsomba, a tomato wophwanyika ndi mvula yodontha pa shedi. Kenaka nsalu. Dulani masentimita 80 mbali zonse: 44 a thabwa, 12 mbali iyi ndi 12 mbali inayo otsikira m'mbali, ndi 6 uku 6 uku opindira kunsi. Yalani nsalu pansi, gadabuzani chivundikiro pamwamba pake, mugwade pa thabwalo kuti siponji iphwe pang'ono. Yambani kukhoma pakati pa mbali imodzi, kenaka pakati pa mbali yoyang'anana nayo mutakoka bwino, kenaka mbali ziwiri zotsalazo. Muzichoka pakati kupita kumakona, uku ndi uku mosinthana. Makona ndi omalizira, muwapinde mwaudongo monga amayi amapindira tsamba la nthochi pokulunga mkate. Timisomali take ndi tating'ono tija ta osoka nsapato. Pindani nsalu pawiri pamene msomali ulowe, ndipo pansi pa mutu wa msomali uliwonse ikani kachidutswa ka chigubu chodula, kuti nsalu isang'ambike ikamakokedwa. Chigubu cha mayi chija chinathera pamenepo, ndipo sindinachilire.

Pa nkhani ya nsalu ndikuchenjezeni. M'nyumba mwathu, monga m'nyumba zambiri, muli zitenje za zipani zimene anatigawira pa kampeni: yachikasu, yabuluu, ya tambala wakuda, zonse zilimo. Ine ndinati titengepo imodzi poti n'zaulere. Mayi anakana kwamtuwagalu. "Mukufuna ndizikhalira nkhope ya mtsogoleri? A chipani chake adzati ndikumunyoza, a chipani china adzati ndine wa uko. Tomato wanga alibe chipani." Ndiye tinagula buluku la jinzi lalikulu pa kaunjika, telala analiphwasula n'kulumikiza. Jinzi ndi yolimba. Pamwamba pake anasokeranso kachophimba ka chitenje wamba ka lasitiki, kovula n'kuchapa Loweruka lililonse.

Chotsiriza ndi tizinthu ting'onoting'ono. Mahinjesi a m'sitolo ndi abwino, koma malamba awiri odula ku tayala lakale amagwira ntchito yomweyo ndipo sachita dzimbiri. Tizidutswa tina ta tayala khomani kunsi kwa miyendo kuti isamamwe chinyezi. Kutsogolo ikani kokolowekera loko. M'mbali boolani mabowo awiri, mulowetse chingwe chonyamulira. Pakani vanishi kawiri. Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe, koma inu ogulitsa zakudya musayerekeze, amanunkha ndipo amadetsa zovala.

Bokosi la m'katimo musalipeputse. Kale mayi ankabisa ndalama pansi pa chiguduli chimene amayalapo anyezi, ndipo tsiku lina la msika, anthu ali pikitipikiti, wina anasolola zonse za tsikulo. Lero kathumba ka ndalama, foni ndi kope la angongole zimakhala m'kati mwa mpando. Wakuba ayambe wanyamula mayi anga kaye, ndipo amene amawadziwa akudziwa kuti imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi. Koma madzulo ndalama zizipita nanu kunyumba, loko wa kampando si banki.

Mukuganiza kuti atakaona anavina? Ayi ndithu. Anakakhalira, anagwedeza mutu kuti kali bwino, kenaka anati, "Koma ku msika sindipita nako. Anzanga aziti chiyani? Aziti ndayamba kudzimva, ndalemera. Mawa lomwe obwereka ndalama adzandizinga." Apa ndiye pali matenda athu enieni, abale. Timaopa maso a anthu kuposa kupweteka kwa thupi lathu. Munthu amalolera kupunduka msana kusiyana n'kuti anzake amunene kuti akudzikonda. Kodi amene amakunenaniwo, tsiku limene mudzalephere kudzuka, adzakulipirirani fizi ya ana?

Ndinawanyengerera masiku anayi. Lolemba lake ananyamula, koma atakaphimba ndi thumba ngati katundu wozembetsa. Lachitatu thumba linachoka. Lachisanu, iwo atachokapo pang'ono, anabwerera n'kupeza mayi wa nyemba wa pafupi nawo atakhalapo, maso ali tsinzini, akuti akungolawa. Pamene ndikulemba pano amalume alandira maoda atatu kuchokera mu mzere womwewo wa tomato, ndipo akuti hamala ndizikagwira ine, phindu tigawana. Achinyamata anzanga amene mukungokhala pa bawo kudikira ntchito ya mu ofesi, mwamva? Mumsika uliwonse kuchokera ku Nselema mpaka ku Phalula muli misana yambirimbiri yokhalira zigubu.

Ndisakunamizeni kuti kampando ndi mankhwala. Msana wa mayi sunachiliretu. Masiku ena umawakumbutsabe kuti ulipo. Koma tsopano amatha tsiku lonse pa geni, ndipo madzulo amatola okha chikho chikagwa. A chipatala anawauzanso kuti asamakhale malo amodzi nthawi yaitali, aziimirira, aziyendako pang'ono, ndipo ponyamula dengu azipinda mawondo osati msana. Popeza kampandoka kalibe kotsamira, amakaika pafupi ndi nsanamira ya shedi kuti azitsamirako akatopa. Inunso ngati msana wakhala ukupweteka masabata angapo, kapena mwendo wayamba dzanzi, pitani ku chipatala. Musadalire khushoni ndi Panado.

Kampando koyamba kaja ka mbawa sindinakataye. Kali pakhonde, kakugwederabe, ndipo nkhuku ndi zimene zimakwerapo. Mayi anandilipiritsa mlandu wake. Nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, anandituma kukapeza mbande zisanu za mbawa n'kukazibzala m'mbali mwa khwawa la kumunda kwathu. Mbuzi zadya imodzi, zinayi zagwira. Akuti matabwa ake adzacheka ndi adzukulu awo, masana dzuwa likuswa mtengo, osati mumdima.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano muli pa chigubu, madzulo ano tengani chingwe muyese kuchokera pansi mpaka kuseri kwa bondo. Wa pa njinga wa madzulo uja akakupezani, mumufunse kumene wachokera. Tionana sabata ya mawa, Mulungu akalola. Geni iyende bwino.